Kapeti ya a Pukutani

“Ngati abale anuwo sangathe kukhala panja, akhale kwawo. Kapeti yanga sindinagulire nsapato za anthu.”

Ameneyo anali mpongozi wanga, kumukalipira mwamuna wake m'khitchini. Ankayesa ndagona. Chipinda changa chinagundana ndi khitchiniyo, ndipo khoma lake ndi lopyapyala, supuni ikagwa ndimadziwa kuti yagwa yaing'ono kapena yaikulu. Maso ndiwo akutha, makutu ayi.

Mpongozi wangayu ndimamutcha a Pukutani. Dzinali sindinavutike kulifuna. Ukangofika pakhomo pawo, moni usanalandire, umayamba wamva kuti pukutani mapazi. Abusa anapukuta. Wowerenga mita ya magetsi anapukuta, chonsecho sankalowa n'komwe. Chaka chino ndiye zinanyanya, chifukwa anagula kapeti yoyera, yaubweya ngati mphaka, n'kuyala pabalaza ponse mpaka m'mbali mwa khoma. Ine amene ndinabereka mwini nyumba ndimadzera kuseri, khomo la kukhitchini.

Mwamuna wawoyo ndi mwana wanga woyamba, wowotcherera zitsulo. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, zonsezo. Chitsulo chonenepa ngati mkono amachipinda mpaka chimvere, koma pamaso pa mkazi wake amafewa ngati waya woyanikira zovala. Tsiku limenelo ankayankha chapansipansi, ati kunja kukuzizira, ati Amayi ndi okalamba, ati anthu adzatiseka. A Pukutani anati ngati kukuzizira apange moto, si ndiye ntchito yake yosewera ndi moto tsiku lonse.

Chimene ankalimbirana chinali phwando langa. Ati la tsiku langa lobadwa. Ine tsiku limenelo sindilidziwa, kusukulu sindinapondeko kuti wina andilembere. Malemu mayi anga ankangoti ndinabadwa kukutentha, agalu ali malilime panja. Koma mwana wanga anakhala pansi n'kundisankhira tsiku pakatikati pa nyengo yozizira, pamene madzi a pampopi amaluma zala.

Phwandolo silinali la ine ayi, ndinadziwa. Linali nyambo yokolera mlongo wake. Mwana wanga wamkaziyo ndi telala, ndipo pakamwa anatengera ine. Mvula yapitayi anabwera kudzandiona, nthawi imeneyo kapeti kulibe, pabalaza pali matailosi okha. A Pukutani anamutsata pambuyo ndi chikolopa. Telala akaponda, iwo akolopa, akaponda, akolopa, uku akumwetulira n'kumafunsa za ana. Telala anaima pakati pa balaza, anatembenuka, analumbira kuti phazi lake silidzalowanso m'nyumba imeneyo. Kuyambira pamenepo akabwera amaima pageti n'kundiitana, timacheza kudzera m'mipata ya zitsulo ngati wina wa ife ali kundende.

Zimenezi zinkamudya mwana wanga wamwamunayo. Bambo awo atamwalira ndi iye anamulera mlongo wakeyo, makina osokera oyamba anamugulira ndi iye. Sankafuna zambiri. Ankangofuna kuti mlongo wake alowe m'nyumba mwake, akhale pampando wake, amwe tiyi. Ndiye anaganiza kuti phwando la mayi ake Telala sangalikane.

M'khitchini muja anakangana mpaka mkaka unasefukira pasitovu. Pomaliza anagwirizana chonchi: anthu onse adyera panja. Akatha kudya, a Pukutani ndi pakamwa pawo adzamuitana mlamu wawo kuti alowe, iye ndi ine basi, tikamwe tiyi pabalaza. Ntchito ya mwana wanga inali imodzi, kuonetsetsa kuti Telala asazizidwe n'kuthawa tiyiyo asanafike.

Anabwera kuchipinda kwanga kudzandiuza zimenezi ngati nkhani yatsopano, ine n'kumadabwa ngati sindinamve. Anakhala m'mphepete mwa bedi, manja akewo a zipsera zokhazokha ali pamawondo.

“Amayi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Tsiku limenelo pakamwa mupumitse. Tsiku limodzi lokha.”

Ndinamufunsa kuti ine ndinayamba ndalankhulapo chiyani. Anangondiyang'ana, anapumira m'mwamba, n'kutuluka.

M'mawa mwake anabwera ndi migolo iwiri yakale kuchokera kushopu kwake. Anaidula pakati, zinatuluka mbaula zinayi, anaziwotcherera miyendo, m'mbali anaboola timabowo tooneka ngati maluwa. Ntchito inali yabwino, sindinama. Koma migolo inali yadzimbiri, ndipo a Pukutani atatuluka kudzaona anati zinthu zonyansa chonchi pabwalo pawo ayi, zithunzi zidzaoneka bwanji. Mwana wanganso ali ndi matenda ake. Chilichonse chochoka m'manja mwake amachipenta, ngakhale kambedza kokolowekapo chipewa. Amati chitsulo chosapenta chimachititsa manyazi amene wachipanga. Anatenga penti wobiriwira wotsala pa geti, wamafuta uja, n'kupaka mbaula zonse, kunja ndi mkati momwe, kawiri. Ine ndinali pakhonde kuwothera kadzuwa, ndinaona. Kuphika ndinayamba ndili kamtsikana kosafika patebulo, ndipo mbaula yopenta mkati sindinaionepo. Koma anali atandiuza kale kuti pakamwa ndipumitse, ndiye ndinayamba kuyeserera tsiku lomwelo.

Tsiku la phwando kunacha kopanda dzuwa, kumwamba kuli phulusa. Bwalo lathu ndi la simenti, lili pakati pa nyumba ndi mpanda wa njerwa, ndiye mphepo ikalowamo imasowa potulukira, imangozungulira n'kumafufuza m'masiketi mwa anthu. Anamanga lona kuchokera kudenga kukafika pampanda, linkangoti phaphapha ngati likufuna kuthawa. Mipando anabwereka ya pulasitiki ija, ukakhalapo ngati wakhalira madzi. Khomo lakutsogolo a Pukutani anakhoma, kiyi m'thumba la epuloni, n'kutsekapo ndi tebulo la mbale kuti wina asayerekeze ngakhale kuligwira. Wofuna kudzithandiza, chimbudzi chakunja.

Ine anandiveka diresi latsopano limene Telala anasoka, lokongola koma lopyapyala ngati khungu la anyezi. Nditati ndivale jasi la malemu amuna anga, a Pukutani anati Amayi dikirani tijambule kaye. Wojambulayo anali asanabwere. Ndinakhala pampando wapakati, mwini phwando, mano otsalawa akugundana, mabaluni akundimenya m'mutu.

Anthu anayamba kufika: aneba, amayi akutchalitchi, anyamata amene amagwira ntchito kushopu kwa mwana wanga. Aliyense akalowa pageti ankalunjika khomo lakutsogolo, aona tebulo, abwerera, akhala pansi n'kupisa manja m'khwapa. Asewere anga, mayi awo a Pukutani, anafika molawirira, anandipatsa moni wa nsonga za zala, anati ndaoneka kamtsikana, kenako sindinawaonenso. Ndinkayesa apita kukathandiza kukhitchini.

Telala anafika mochedwa ndi mwamuna wake, mkamwini wanga, dalaivala wa lole. Anaima pageti monga mwa chizolowezi. Mchimwene wake anathamanga kukatsegula geti lonse, mbali zonse ziwiri, ngati kukulowa galimoto. Telala analowa pang'onopang'ono, anayang'ana lona, anayang'ana mipando, anthu atadzikulunga nsalu mitu ili pansi.

“Achimwene, mwandibisira chiyani? Wamwalira ndani?”

Anthu anaseka. Mwana wanga anasekanso nawo mokakamiza, n'kuthamangira kukayatsa makala.

Poyamba zinayenda. Makala anagwira, moto unayamba kuoneka m'timabowo tamaluwa tija, anthu anakokera mipando pafupi manja ali kutsogolo. Wina anafunsa kuti mbaula zokongola chonchi zagulidwa kuti, mwana wanga n'kumadzikanda m'mutu mwamanyazi. Ine anandiikira imodzi pamapazi penipeni. A Pukutani anabweretsa mpunga ndi nkhuku, ndipo atafika pa Telala anapinda bondo pang'ono, anati alamu mwaswera bwanji. Telala anati taswera, n'kuwonjezera kuti mpunga wapsa bwino. Ndinayang'ana mwana wanga. Nkhope inali ngati ya kamwana kamene akagulira nsapato. Ine ndinayamba kuda nkhawa kuti tsiku lithera chonchi, lozizira komanso lopanda nkhani.

Kenako penti anayamba kuwira. Anatupa matuza, matuza n'kuphulika, utsi wakuda n'kuti tolo. Fungo lake ngati wina akuwotcha matayala akale. Mphepo inautenga utsiwo n'kuukankhira kulona, lona n'kuubwezera pa ife. Amayi akutchalitchi anali atangoyamba nyimbo yondiyamikira, anaimalizira kutsokomola. Wojambula uja anafika nthawi yomweyo, anajambula kamodzi, anati sakuona munthu. Pa mbaula imodzi anyamata akushopu anali atayala waya akuwotcha nyama. Mkamwini wanga analuma nthuli imodzi, anatafuna, anaima kaye.

“Alamu,” anatero kwa mwana wanga, “nyamayi mwadula pa geti la ndani?”

Mwana wanga anati penti apsa atha, tidikire pang'ono. Sanathe. Paja anapaka kawiri. A Pukutani anayamba kukuwa kuti utsi ukulowa m'mawindo, ukanunkhitsa makatani, athimitse msanga. Mwana wanga mosaganiza anatenga payipi yothirira maluwa n'kuthira mbaula zonse. Zinangoti fwaa, nthunzi ndi phulusa m'mwamba, kugwera m'mbale za anthu, m'tsitsi, pa keke yanga. Madzi akuda a makala anayenderera pasimenti ponse mpaka pansi pa mipando. Aliyense anaponda. Tsopano moto palibe, nsapato zanyowa, mafuta a nkhuku auma m'mbale ngati kandulo, mphepo ili pomwepo.

Aneba anayamba kukumbukira mmodzimmodzi kuti asiya ana okha kunyumba, ngakhale amene ana awo anakwatira kale. Otsala anali achibale, anyamata akushopu amene sakanathawa bwana wawo akuona, ndi amayi akutchalitchi, amene sachoka keke isanadulidwe.

A Pukutani anazungulira kuseri n'kubwera ndi mabulangete. M'nyumba muja muli mabulangete abwino, onenepa, ojambulidwa akambuku, ndimawaona akayanikidwa. Anabweretsa akale. Ine anandipatsa limene amafunditsa galimoto ikagona panja. Telala anamupatsa lotuwa, ndipo atalitambasula pakati pake panali chipsera cha simbi, chooneka bwinobwino ndi nsonga yake yomwe. Munthu wosoka sungamunamize pa bulangete lositirapo. Analipinda mwaulemu, analiika pamiyendo pa mwamuna wake, anatenga chikwama chake n'kuimirira.

Mwana wanga anafika pomwepo. Anagwada pamadzi akuda aja, thalauza lake latsopano, anamugwira mlongo wake dzanja. Anati asapite, tiyi ali pafupi, achite chifukwa cha Amayi. Telala anandiyang'ana ine ndili njenjenje m'bulangete lonunkha dizilo, anakhalanso pansi. Kenako mwana wanga anapita kwa mkazi wake kuseri kwa tebulo la mbale kukanong'ona kuti nthawi ya tiyi ndi inoyi, aitane mlamu wake alowe. Yankho ndinalimva. A Pukutani anayang'ana nsapato za Telala, anayang'ana zanga, anati pansi payambe pauma.

Simenti kuuma kopanda dzuwa. Tikanadikira mpaka tsiku langa lobadwa lenileni.

Kuzizira kumathamangitsa madzi mwa munthu wokalamba. Ndinanyamuka kupita kuchimbudzi chakunja chija, ndipo njira yake imadutsa pawindo la pabalaza. Katani inali itasiya kampata ngati chikhatho. Sindinasuzumire ayi, diso linangopita lokha. Asewere anga anali pa sofa yaikulu, atatambalala. Hita yamagetsi ili psuu pambali pawo, bulangete la kambuku pamiyendo, mbale ya ntchafu za nkhuku pachifuwa, TV ikulankhula. Nsapato zili kuphazi, pa kapeti. Ine mwini phwando ndinali nditapatsidwa phiko.

M'chimbudzimo ndinaganiza bwino. Ndinaganiza za mwana wanga ndi mawondo ake onyowa. Ndinaganizanso za phiko lija. Pobwerera sindinauze munthu kanthu, ndipo amene akuti ndinalankhula ndi wabodza. Ndinangokhala pang'ono, kenako ndinapempha mwana wanga wamkazi kuti andiperekeze, m'mimba simunakhazikike, miyendonso yauma. Titafika pawindo paja ndinatopa. Munthu wokalamba amatopa paliponse. Ndinatsamira khoma kuti ndipume, Telala anaima kundidikira, ndipo iye maso ake ndi abwino, amalowetsa ulusi pasingano osayatsa magetsi.

Anandisiya pomwepo nditatsamira. Anazungulira kukhitchini, ine pambuyo, miyendo itachira. Anadutsa pakati pa kapeti, phazi lililonse likusiya chidindo chakuda, mpaka pa sofa. Anawapatsa moni asewere ndi ulemu wonse, anawafunsa za kunyumba, anakhala pambali pawo n'kuitembenuzira hita kwa iye. Asewere fupa lili m'kamwa, kumeza ayi, kulavula ayi. Telala atatenthedwa pang'ono anadzuka, anatsegula windo, anaitana amayi akutchalitchi kuti kuno kukufunda, abwere, adzere kukhitchini.

Anthu ozizidwa safunsa kawiri. Analowa mondondozana, ndi mbale zawo, ndi ana awo, mkamwini wanga atanyamula keke yaphulusa ija pamutu ngati wogulitsa. Pamene a Pukutani amafika, kapeti inali ngati pamalo ogulitsira makala. Anaima pakhomo la kukhitchini kukamwa kuli yasa. Mwana wanga anali kumbuyo kwawo, ndipo ndinamuona akusuzumira paphewa pa mkazi wake. Mlongo wake anali m'nyumba, pampando wake. Sankadziwa aseke kapena alire.

“Alamu,” anatero Telala, “tiyi uja tikumwa nthawi yanji?”

Ine ndinkayembekeza kuti a Pukutani alumphira mlamu wawo. Ayi, anatembenukira mayi awo owabereka. Ati ndinakuuzani mutseke katani, ndinakuuzani mukhale kuchipinda, taonani mwandionongera zonse. Pamaso pa anthu. Asewere anaika mbale pansi pang'onopang'ono, anati iwo anabereka mwana, sanabereke mlonda wa kapeti, ndipo sanabwere kudzabisidwa kuchipinda ngati katundu wakuba. Anapempha chikwama chawo. Pamenepo ndinawakondako pang'ono asewerewo.

Kenako a Pukutani anagwera mwamuna wawo, ati zonsezi ndi mbaula zake zopusa, munthu wamkulu ndevu pepeya kupenta mokhala moto. Ndipo mwana wanga, koyamba chikwatirire, anayankha. Anati anakana dzimbiri ndani, anamutuma kuthira madzi ndani, anakhoma chitseko mayi ake akuzizidwa panja ndani. Ine ndinakhala pa sofa yaing'ono kuti ndimve bwino, hita ikundiwomba m'mawondo, ndipo kunena zoona ndi nthawi yokhayo imene ndinasangalala pa phwando langa.

Zikanathera pamenepo, Telala akanapita kwawo wopambana, mchimwene wake ali mbali yake. Koma ndanena kale kuti pakamwa anatengera ine, ndipo ife sitidziwa poimira. Anaseka, anayang'ana anyamata akushopu amene anali ataima m'mbali mwa khoma, anati:

“Musadzivutitse achimwene, mungagone panja lero. Tonse tikudziwa kuti muno ndinu mlendo ngati ife. Kapeti ili ndi malo ake m'nyumba muno, inu mulibe.”

Anyamata akushopu anayang'ana pansi. Awa ndi anthu amene m'mawa uliwonse amamutcha bwana. Mwana wanga anatembenukira kwa mkazi wake, matope a makala ali m'mawondo, penti wobiriwira akadali m'zikhadabo. Anapisa dzanja m'thumba la epuloni ya mkazi wake osapempha, anatenga kiyi, anatsegula khomo lakutsogolo, anakankha tebulo lija mbale zikugwa.

“Tuluka m'nyumba mwanga,” anatero. Sanakweze mawu.

Telala anamuyang'ana ngati sanamve. Chibadwire mchimwene wake sanamuuzepo mawu otero. Anayang'ana kwa ine, kaya ankafuna ndinene chiyani, koma ine ndinali nditauzidwa kuti pakamwa ndipumitse. Ananyamuka, anatuluka, mwamuna wake anaika keke pamkono wa sofa n'kutsatira. Tiyi sanaphikidwe. Keke anadya ndi amayi akutchalitchi atapala phulusa ndi mpeni, ine anandipatsa kachidutswa ka m'mphepete. Chimfine chinandigwira sabata yonse, palibe anandipepesa.

Pano zinthu zili chonchi. A Pukutani salankhula ndi mayi awo. Kwa inenso analeka kulankhula kuyambira pamene mkamwini wanga anawauza mmene ndinatopera pawindo paja, munthu wa lole sasunga kanthu m'mimba. Chakudya amangoika pakhomo la chipinda changa n'kugogoda, ngati ndili ndi matenda opatsirana. Mwamuna ndi mkazi wake amalankhulana za magetsi ndi sopo basi. Asewere ndiwo amandiimbira foni kufunsa kuti kwachitikanso zotani, ine ndimawauza. A Pukutani ndi Telala sindingati analeka, sanayambe n'komwe. Koma mwana wanga ndi mlongo wake, amene kale ankaimbirana ngakhale kufunsana kuti kwanuko kwagwa mvula, salankhulana. Dzana anakumana pamsewu wa kumsika, mmodzi anawolokera tsidya lina.